Mabuleki a kumbuyo: yezani musananene kuti alowa

Mawu amene amatuluka msanga pakamwa pa ogulitsa masipeyala a njinga zamoto ndi akuti: "Tengani awa bwana, zonse n'zimodzi, alowa." Mungawamve mumsika wa pa Karonga boma, pa Uliwa, ku Chilumba, ku Kaporo mpaka kuchipata cha Songwe. Akanenedwa pogulitsa galasi, nyali kapena chovindikira mpando, mawuwa savulaza munthu. Koma akanenedwa pogulitsa mabuleki a kumbuyo angathe kupha, ndipo akapanda kupha munthu amapha malonda. Ganizo langa sabata ino ndi lakuti wogulitsa asamalonjeze kuti mabuleki a njinga ina alowa ku inzake asanayeze. Amene azolowere kuyeza adzateteza makasitomala ake, komanso adzayendetsa shopu yake ndi mpamba wocheperapo.

Tiyambe ndi chifukwa chimene nkhaniyi ilili yaikulu kuno. Kuchokera pa boma kukafika ku Songwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 45, ndipo tsidya linalo kuli Kasumulu, Kyela ndi msewu wopita ku Mbeya ndi Dar es Salaam. Njinga ndi masipeyala zimalowa kuchokera kumeneko, zina zimachokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndiye pa siteji imodzi ya akabaza mupezapo Boxer ya kampani ya Bajaj ndi HLX ya kampani ya TVS, zonse za ku India, pamodzi ndi Lifo, Kinglion, SanLG ndi Haojue. Kumabungwe ndi kumaofesi a boma kuli Yamaha ndi Honda. Palibe wogulitsa wamng'ono angasunge sipeyala yakeyake ya njinga iliyonse. Kusinthanitsa masipeyala n'kosapeweka, ndipo si tchimo.

Kufanana kwa njingazi kulinso ndi mbiri yake. Mu 1975 kampani ya Honda inatulutsa njinga ya CG125, imene inapangidwira maiko a misewu yovuta komanso kumene njinga sizikonzedwa kawirikawiri. Mafakitale ambiri a ku China anatengera kapangidwe kake, enanso anatengera ka Suzuki GN125. N'chifukwa chake masipeyala a njinga za maina osiyana amalowana nthawi zambiri, ndipo amakaniko sanama akamatero. Vuto limabwera pamene mawu oti "nthawi zambiri" asanduka "nthawi zonse". Fakitale ikhoza kutengera injini koma n'kuika gudumu lakumbuyo losiyana. Kampani imodzi yomweyo ikhoza kusintha habu pakati pa chaka ndi chaka, dzina la pa thanki n'kukhala lomwelo. Boxer ilipo ya BM100 ndi ya BM150, HLX ilipo ya 100, ya 125 ndi ya 150. Kasitomala akangoti "ndikufuna za Boxer", sanakuuzenibe zonse.

M'kati mwa gudumu

Njinga zambiri za kabaza kumbuyo zilibe mapadi a disiki. Zili ndi diramu, ndipo m'kati mwa diramulo muli ma brake shoe awiri opindika ngati mwezi wongooneka kumene. Mbali imodzi ma shoe awiriwa amatsamira pa pini yosasuntha. Mbali inayo amatsamira pa kachitsulo kaphwatalala kamene amakaniko amati cam. Wokwera akaponda buleki, ndodo imakoka mkono wa buleki, cam imatembenuka n'kukankha ma shoe kuti akhuze khoma la diramu. Akasiya kuponda, masipuling'i awiri amabweza ma shoe m'malo mwake. Makina ake ndi osavuta, koma amadalira kuti zonse zilingane. Pali zinthu zisanu zoyenera kuyang'ana, ndipo chimodzi chikasiyana mabulekiwo si a njingayo ngakhale atalowa.

Choyamba ndi kukula kwa diramu. Pa njinga zing'onozing'ono zimene timaona kuno, madiramu ofala ndi a mamilimita 110 ndi a mamilimita 130. Kusiyana kwa awiriwa kumaoneka ndi maso, koma paketi yotsekedwa siikuonetsani. Shoe ikakhala yopindika mosiyana ndi diramu, imakhudza khoma ndi kachigawo kakang'ono kokha. Kachigawoko kamatentha msanga, kamasalala n'kuyamba kunyezimira, ndipo buleki imaleka kugwira ngakhale muponde ndi mphamvu zonse.

Chachiwiri ndi mulifupi mwa shoe. Ma shoe awiri akhoza kukhala a diramu lofanana, koma ina n'kukhala yotambalala kuposa inzake ndi mamilimita awiri kapena atatu. Yotambalala kwambiri imakhula m'mbali mwa habu, kapena chivindikiro cha buleki chimakana kukhala bwino. Yopyapyala imalowa mosavuta, n'chifukwa chake imanyenga anthu, koma malo ogwira amachepa ndipo imadya diramu mbali imodzi n'kusiya mzere.

Chachitatu ndi malo otsamira pa pini. Kabowo kapena kamphako kamene kamakumbatira pini kayenera kulingana ndi kukula kwa piniyo. Kakakula, shoe imagwedera ndipo buleki imagwira modzidzimutsa. Kakachepa, shoe siikhala pansi bwinobwino ndipo imakhuza diramu nthawi zonse, njinga n'kumamwa petulo wambiri popanda chifukwa.

Chachinayi ndi malo otsamira pa cam, ndipo apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. Shoe ikakhala yaifupi mbali imeneyi, cam imayenera kutembenuka kwambiri kuti ifikitse shoe pa diramu. Ma shoe akatha pang'ono, cam ikhoza kutembenuka mpaka kuima chopingasa n'kukanirira osabwerera. Zikatero gudumu lakumbuyo limamangika njinga ili pa liwiro.

Chachisanu ndi masipuling'i ndi mabowo ake. Mabowo akatalikirana mosiyana, sipuling'i imakhala yolefuka kapena yokokeka mopitirira muyeso. Yolefuka siibweza ma shoe, yokokeka kwambiri imaduka, ndipo chidutswa chake chikhoza kulowa pakati pa shoe ndi diramu.

Kwa njinga zochepa zimene zili ndi disiki kumbuyo, monga Pulsar NS200 ndi mitundu ina ya Apache, lamulo ndi lomwelo. Chimene chimalamula ndi caliper, chitsulo chija chimapana disiki. Mapadi ayenera kufanana maonekedwe a chitsulo chakumsana, malo a mabowo a mapini ndi kuchindikala kwake. Musaganizenso kuti mapadi a kutsogolo alowa kumbuyo chifukwa njinga ndi yomweyo. Kawirikawiri caliper ya kumbuyo imakhala ina.

Misewu ya kuno siikhululuka

Wina akhoza kunena kuti Karonga ndi malo achidikha, mabuleki ofooka sangavute. Chidikhacho chili m'mbali mwa nyanja mokha. Msewu wa ku Chitipa, wa makilomita pafupifupi 100, umakwera mapiri kudutsa dera la Kayelekera, ndipo amene wakwera ayenera kutsika. Kummwera, msewu wa M1 ukangodutsa Chilumba umalunjika ku Chiweta, kumene ngakhale malole amatsika mwaulemu. Pa mtsetse wautali diramu limatentha, ndipo shoe imene ikugwira ndi kachigawo kochepa ndiyo imayamba kufooka.

Ganiziraninso katundu amene njingazi zimanyamula. Nthawi yokolola, matumba a mpunga wa Kilombero ochokera ku Hara, Wovwe ndi Lufilya amamangidwa kumbuyo kwa njinga. Ena amanyamula nsomba za ku Ngara, nthochi, makala, kapena anthu awiri ndi mwana. Kulemera konseko kumakhala pa gudumu lakumbuyo, ndipo akabaza ambiri anazolowera kuponda buleki ya kumbuyo kuposa kugwira ya kutsogolo. M'nyengo ya mvula, North Rukuru ndi mitsinje ina ikasefukira, madzi ndi mchenga zimalowa mu diramu. Mchenga umadya ma shoe ngati sandipepa, madzi amachititsa dzimbiri. Choncho mabuleki a kumbuyo amatha msanga kuno, ndipo ndi katundu woyenda pa benchi. Katundu woyenda chonchi ndi amene wogulitsa ayenera kumudziwa bwino kuposa wina aliyense.

Masamu ake

Tibwere ku ndalama, popeza ndi zimene tsamba lino limakamba. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Aliyense wooda katundu tsidya lina la Songwe akudziwa kuti shilingi ya ku Tanzania siipezeka motchipa. Sipeyala iliyonse yogona pa shelefu ndi mpamba wogona.

Tiyerekeze ndi manambala achitsanzo chabe. Tinene kuti mumaoda seti imodzi pa K5,000 n'kugulitsa pa K7,000. Mukasunga mitundu khumi potsatira maina a pa mapaketi, maseti khumi mtundu uliwonse, mwamanga K500,000. Tinene kuti mwatsegula mapaketiwo, mwayeza, ndipo mwapeza kuti maina khumiwo ndi maonekedwe anayi okha. Maseti khumi a maonekedwe alionse akutengerani K200,000, ndipo K300,000 yotsalayo ipita ku matcheni, oyilo ndi machubu. Kulowana kwa masipeyala kukatsimikizika ndi muyeso, ndi phindu lenileni.

Tsono tembenuzani. Mwagulitsa seti yolakwika, makaniko waikakamiza, waipala ndi tupa, yakana, kasitomala wabwera nayo ili ndi girizi ndi zipsera. Mukam'bwezera K7,000 yake, mwatsala ndi katundu wosagulitsika amene munagula pa K5,000. Muyenera kugulitsa maseti ena atatu kuti mutseke dzenjelo. Mukakana kubweza, nkhani ifika pa siteji lisanalowe dzuwa. Akabaza amakhala pamodzi tsiku lonse podikira okwera, ndipo amauzana kumene kuli katundu wabwino ndi kumene kuli wachinyengo. Kasitomala mmodzi wokwiya amachoka ndi anzake.

Zimene ogulitsa amayankha

Ogulitsa ali ndi mayankho awo, ndipo ena ndi omveka. Loyamba ndi lakuti masipeyala enieni a kampani ndi odula ndipo sapezeka nthawi zonse. N'zoona, ndipo sindikunena kuti muzigulitsa a kampani okhaokha. Pali mafakitale ena amene amapanga ma shoe abwino olingana ndi muyeso. Chofunika ndi chakuti alingane ndi njingayo komanso akhale olimba. Paketi yokongola si umboni. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Dzina la njinga likhoza kusindikizidwa pa katoni iliyonse.

Yankho lachiwiri ndi lakuti kuyeza ndi ntchito ya makaniko, wogulitsa amangopereka chimene wafunsidwa. Koma amene wanena kuti "alowa" ndi inu. Kasitomala watulutsa ndalama chifukwa cha mawu anu. Komanso makaniko akakhala ku Wiliro kapena ku Iponga, njinga ili yomasula, sabweza mnyamata ku boma kuti akasinthe. Atenga tupa, apala, akhoma ndi hamala mpaka zilowe. Kulakwitsa kwa pa benchi kumakathera pa msewu.

Lachitatu ndi lakuti kasitomala amafuna zotchipa ndipo amakhala ali pa changu. Kuyerekeza shoe yakale ndi yatsopano sikutenga mphindi zitatu. Wa kabaza amene njinga yake yagona tsiku lonse chifukwa cha sipeyala yolakwika wataya ndalama za tsikulo, ndipo ngati njingayo ndi ya bwana, madzulo afunikabe kupereka ndalama ya mwini wake. Mukam'fotokozera zimenezi adzadikira.

Palinso lamulo. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2003 limapatsa wogula ufulu wouzidwa zoona za katundu amene akugula. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano la mu 2024 linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa. Bungweli lakhala likuchenjeza kuti chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichiteteza wogulitsa ngati katunduyo ndi wolakwika. Kuuza munthu kuti mabuleki ndi a njinga yake musanatsimikize ndi kudziika nokha pa mlandu.

Zoyenera kuchita kuyambira sabata ino

Uzani makasitomala anu kuti azibwera ndi ma shoe akale. Lembani pakhoma ngati n'kotheka. Ikani yakale ndi yatsopano chogundana misana ndi chogonekana, muone kupindika, mulifupi, pa pini, pa cam ndi mabowo a masipuling'i. Ngati kasitomala sanabwere nayo, ajambule pa foni habu ndi ma shoe ali pambali pa lula, kapena makaniko wake akutumizireni chithunzicho pa WhatsApp.

Gulani vernier imodzi. Ngakhale ya pulasitiki ikwanira pa ntchito imeneyi. Tepi ya telala siyoyenera, chifukwa kusiyana kumene mukufufuza ndi kwa mamilimita awiri kapena atatu.

Pemphani amakaniko oyandikana nanu kuti azikusungirani ma shoe akutha. Akhomereni pa thabwa, pansi pa iliyonse mulembe dzina la njinga, mtundu wake ndi muyeso wake. Thabwalo lidzakhala buku lanu loonetsa makasitomala, ndipo mudzapita nalo, kapena chithunzi chake, pokaoda ku Kyela kapena ku Mzuzu. Musanalipire katoni yonse, tsegulani paketi imodzi.

Khalani ndi kope lolembamo zimene zatsimikizika. Mukagulitsa seti ya dzina lina kwa mwini njinga ya dzina lina, lembani tsiku, ndipo akadzabweranso mufunseni mmene inagwirira. Pakatha miyezi itatu mudzakhala ndi mndandanda umene palibe wogulitsa mnzanu ali nawo. Lembaninso pa lisiti mtundu wa njinga imene mwagulitsira. Zimenezi zimateteza inu ndi kasitomala yemwe.

Yang'anani kulimba kwa katunduyo. Mbali imene imakhuza diramu, imene amakaniko amati lining, nthawi zambiri imakhala yomatidwa ndi guluu pa chitsulo cha shoe. Katundu akagona nthawi yaitali pa malo a chinyezi, monga mashopu a m'mbali mwa nyanja, guluuyo amafooka. Lining ikamatuka njinga ikuyenda imapiringizika m'diramu n'kumanga gudumu. Mukaona mpata m'mphepete, ming'alu kapena kufufuma, musagulitse. Sungani makatoni pa shelefu, osati pansi pa simenti, ndipo akhale kutali ndi oyilo ndi girizi. Lining ikamwa oyilo siitsukika.

Gulitsani ma shoe awiri pamodzi ndi masipuling'i ake. Kusintha shoe imodzi kapena kubwezeretsa masipuling'i otopa ndi kupulumutsa ndalama zochepa n'kuitana vuto lalikulu.

Dziwaninso nthawi yokana kugulitsa. Mabuku okonzera njinga zambiri zing'onozing'ono amaika malire a lining pa mamilimita awiri, ndipo diramu la mamilimita 130 likadyeka kufika pa 131 limayesedwa lakutha. Njinga zambiri zili ndi kamuvi pa mkono wa buleki. Kakafika pa chizindikiro cha pa chivindikiro pamene mwaponda, ma shoe atha. Kasitomala akamadandaula kuti wasintha ma shoe kawiri koma buleki siikugwira, mwina vuto ndi diramu. Kum'gulitsa seti yachitatu ndi kum'dyera ndalama. Muuzeni akayezetse diramu, ndipo ngati latha mum'pezere habu. Malondawo ndi aakulu kuposa a ma shoe.

Pomaliza, perekani malangizo awiri aulere kwa aliyense wogula. Ma shoe atsopano sagwira mokwanira tsiku loyamba, amafunika kuzolowerana ndi diramu, choncho ayambe ndi maulendo a pafupi asananyamule matumba kapena kulowera ku mapiri. Chopondera buleki chizitsika mamilimita 20 mpaka 30 buleki isanayambe kugwira. Chikathina kwambiri ma shoe amapsa. Kwa amakaniko, auzeni asamauzire fumbi la m'diramu ndi pakamwa. Ma lining ena amakhala ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Apukute ndi kansanza konyowa.

Amayi ogulitsa tomato, abambo ooda mpunga, ana opita kusukulu ndi odwala opita kuchipatala cha boma cha Karonga amakwera kabaza osafunsa kuti m'diramu muli chiyani. Sangathe kufunsa, ndipo ngakhale woyendetsayo nthawi zina sadziwa. Anthu awiri okha ndi amene amagwira ma shoe m'manja asanatsekeredwe m'gudumu: wogulitsa ndi makaniko. Inu ogulitsa ndinu oyamba. Kasitomala akakufunsani ngati za njinga ina zingalowe ku yake, yankho la wamalonda wodziwa ntchito ndi lakuti: "Bweretsani zakale tiyeze."